A Promise Patebulo Lililonse

Lolemba
Ukwati wa achemwali anga uli Loweruka, ku holo ya mpingo konkuno ku Area 25. JavaScript, chilankhulo cha kompyuta, ndaphunzira miyezi itatu yathunthu, ndiye ndauza komiti kuti asavutike ndi kope lolembamo alendo. Ndikupanga tsamba la pa intaneti:
- mlendo alembe dzina
- dzinalo lisungidwe
- tisindikize makadi oika pamatebulo
Alamu, mkwati mwiniwake, akuti, "Bola musatichititse manyazi." Sakundidziwa.

Lachiwiri
Fankishoni, kachigawo ka pulogalamu kosunga mayina, ndaiyamba ndi mawu oti async, monga amachitira odziwa. Koma tsamba likuti "Zikomo, dzina lasungidwa" lisanasungidwe n'komwe. Azakhali a ku Kaliyeka, kwawo netiweki imavuta, athokozedwa kanayi. Pamndandanda palibepo.

Lachitatu
Ndikuimbira Yamikani, mnzanga wa ku kosi. Akuti fankishoni ya async yopanda mawu oti await, kutanthauza dikira, imathamanga yonse pomwepo ngati ina iliyonse, kungoti imakubwezera Promise, ndiye kuti lonjezo, osati chinthu chenichenicho. Ikakhala ndi await imaima pamenepo, koma woiitanayo amangopitiriza ulendo, pokhapokha nayenso atalemba await.
Pa zonsezi ndagwirapo mawu amodzi: "imathamanga". Ndachotsa await aliyense. Tsamba likuuluka!

Lachinayi
Amayi a Nachisale, wamkulu wa ophika, afika ndi funso limodzi: alendo ndi angati? Ndikufunsa tsamba. Likuti "undefined". Ndawamasulira kuti chiwerengero sichikudziwika. Andifunsa:
"Ndiye tigule nkhuku zosadziwika?"

Lachisanu
Ndasiya fulashi kwa wosindikiza, n'kuthamangira suti kwa telala. Pobwerako makadi apita kale kwa okongoletsa holo, latsala limodzi lopindika. Palembedwa: "Takulandirani, object Promise". Ndikufunsa wosindikizayo ngati onse ali choncho.
"Onse, bwana. Ndimayesa ndi banja limodzi lalikulu."
Okongoletsa sakuyankha foni.

Loweruka
Alendo aimirira m'mbali mwa khoma, mipando ili mbwee. Palibe akufuna kukhala pamalo pa eni ake. Agogo ena ayala chitenje pakhomo.
Kenaka kwatulukira msuweni wa alamu wa ku Mtsiliza, dzina lake lenileni Promise. Wazungulira matebulo onse akuwerenga, wasankha lapamwamba, pafupi ndi keke. Woyendetsa mwambo akuitana "a Object Promise ndi banja lonse" kuti adzavine. Akuvina yekha, nyimbo ziwiri. Anthu akuomba m'manja, akunong'onezana kuti ndi amene walipira holo. Iye sakutsutsa.
Ine ndili kukhitchini, ndikuthandiza kusenda anyezi. Palibe wandituma.

Lamulungu
Ndabwezera await malo atatu. Mayina akutuluka onse, olondola, m'ndondomeko yake. Womuonetsa palibe.
Achemwali atumiza uthenga: "Takukhululukira. Pa chinkhoswe cha msuweni wathu Tadala udzanyamula mipando."
Ndayankha kuti chabwino. Afunsanso ngati ndikudziwa kuwerenga mipando, kapena apeze wina.