Nkhondo ya Zaka Khumi ndi Zitatu ya Azakhali Anga Awiri

Tcherani khutu, inu mapiri a Freetown, nanunso madenga a dzimbiri lekani kaye kulira, pakuti ndikufuna kusimba za chaka chija anyezi anakwera mtengo katatu mwezi umodzi, nyengo imene mawigi ofiirira ankalamulira mitu ya amayi onse a kwaya, pamene m'banja lolemekezeka la a Macfoy munabuka nkhondo imene ngakhale agalu a mumsewu mwathu akuikumbukabe. Wosimba ndine Jowo, wa zaka khumi ndi zisanu, amene sukulu ndinalekezera kalasi sikisi koma pakamwa ndinafika napo ku yunivesite. Ndipo ndiulule pachiyambi pomwe, ena asanandiululire: machesi ndinakhwatcha ndine.

Agogo Josiah atatha chaka m'manda, inakwana nthawi ya awujo, phwando lodyetsa akufa. Kwa zaka makumi anayi iwo ndiwo ankaitana mayina a makolo ndi kuponya mtedza wa kola pansi kuti tione ngati chakudya chalandiridwa. Ntchito imeneyi ndi ya wamkulu pa amoyo onse, ndipo woigwira amakhala mutu wa banja mpaka naye adzaitanidwe. Tsono akulu otsala anali awiri, ana a abale ake awiri a agogowo, obadwira m'nyumba imodzi, dzinja limodzi. Woyamba Anti Modu, Njovu ya pa Benchi Yakutsogolo, Wogulitsa Nsalu Wosatsitsa Mtengo, amene akatsokomola abusa amafupikitsa ulaliki. Wachiwiri Anti Koso, Mphenzi Yogwa Kopanda Mitambo, Tsabola wa m'Kabotolo, wamfupi ngati mtondo koma mawu ake amawoloka nyanja osalipira boti.

Mwina akanagwirizana mwakachetechete, pakanapanda Ankolo Bankole a ku London, amene kuzizira kunawapatsa maganizo. Anatumiza uthenga pafoni: "Ana anga kuno sakudziwa kumene anachokera. Ndikufuna mtengo wa banja, dzina lililonse ndi chikalata chake, cha kubadwa, cha ukwati, cha imfa. Osati za m'mutu ayi." Ndalama anazigawa pawiri: za zikalata kwa Anti Modu, za mbuzi ya awujo kwa Anti Koso.

Mtengowo anandipatsa ine kuti ndijambule papepala lalikulu, poti ndimalemba mokongola ngakhale sindidziwa zambiri zolemba. Pa nthambi ya amoyo ndinayamba ndi Anti Modu. Chifukwa chake? Mmawa umenewo anandigulira ndolo. Basi. Kenako miyendo inandinyamula yokha mpaka kukhitchini kwa Anti Koso.

"Anti, mwamva? Anti Modu akuti inu mmene munkabadwa iwo anali atamera kale mano."

Palibe amene anali atanena zimenezo. Koma abale, nkhani yopanda mchere ndani angaidye?

Lamulungu lotsatira magulu ankhondo anakumana pamasitepe a tchalitchi. Anti Koso anakweza ambulera ngati mkondo nafuula: "Imva, iwe Modu, ndipo amve onse ovala zipewa! Ine ndinakuona uli khanda lofiira ngati mbewa, ukulira usiku wonse osatigonetsa. Kola wa bambo aang'ono Josiah ndiponya ndine!"

Anti Modu anakonza wigi modekha, monga mfumu ikonzera chisoti. "Mng'ono wanga, tsika pasitepepo, ukhoza kugwa. Ukunena kuti unandiona? Iwe amene ndinkakupukuta mamina ndi diresi langa la Khirisimasi?"

"Mng'ono wako ndani?"

"Nanga pali wina wamfupi pano?"

Anthu anayenera kuwagwira. Ndipo anapangana kuti mlandu ukaweruzidwe ndi mabuku a boma.

Tsono apa mumvetse bwino, chifukwa ndi pamene panagona tsoka. Azakhali anga onse awiri akhala ndi zaka fifite-thuu kuyambira ine ndili kumsana. Keke iliyonse, fifite-thuu. Tsitsi amalidetsa Loweruka lililonse, ndipo magalasi amavalira kuchipinda chitseko chili chokhoma. Moyo wawo wonse akhala akulimbirana kukhala wamng'ono, lero mwadzidzidzi aliyense afuna ukulu, koma ukulu wopanda ukalamba. Nchifukwa chake ananditenga ine kuti ndikakhale maso awo, poti kuwerenga pagulu ndi magalasi kunali kuvomera kugonja.

Tinakwera podapoda imodzi, minibasi ya kwathu kuno, wina kutsogolo wina kumbuyo, ine pakati ngati malire a mayiko. Ku ofesi ya zikalata tinapeza kalaliki, Bambo Turay, Mlonda wa Mabuku a Fumbi, Mwini Makwerero, munthu woonda wosadziwa kufulumira.

"Amayi, chaka chilichonse chili ndi buku lake," anatero. "Kufufuza dzina limodzi m'buku limodzi ndi maleoni handiredi. Lipezeke, lisapezeke. Ndiye mungondiuza chaka chenicheni, tisavutane."

Azakhali anayang'anana cham'mbali.

"1972," anatero Anti Modu, akuyang'ana kudenga.

"Inenso 1972," anatero Anti Koso, "koma kumayambiriro."

Bambo Turay anawayang'ana nkhope, anayang'ananso makosi, napuma mozama, nakwera makwerero. Buku linatsika. Ndinayendetsa chala tsamba ndi tsamba. Munalibe Modu, munalibe Koso.

"Boma ili!" anatero Anti Koso. "Kutaya munthu wathunthu!"

"Mwina mayi anga anasokoneza pang'ono," anatero Anti Modu. "Tayesani 1971."

"Ngati iye akuti 71, inenso mundione momwemo. Asandipitirire."

Umu ndi mmene inayambira Nkhondo ya Zaka Khumi ndi Zitatu, imene inamenyedwa masabata atatu okha. Aliyense ankachidziwa chaka chake ngati dzina lake, koma ndani akanayamba kuchitchula mnzake akumva? Choncho ankabwerera m'mbuyo chaka chimodzichimodzi, ngati munthu wolowa m'madzi ozizira, ndipo phazi lililonse linali handiredi yochotsa pa ndalama za Ankolo Bankole. Pofika 1968 chikalata cha ukwati wa agogo a agogo chinali chitadyedwa. Pofika 1965 zikalata zonse za imfa zinali zitafa. Kumbali ya Anti Koso mbuzi inkatha chiwalochiwalo: Lachiwiri mwendo, Lachinayi nthiti.

Bambo Turay mpaka anachita chisoni. "Amayi anga, bondo langali latha ndi makwerero. Mmodzi angondinong'oneza. Sindiuza munthu."

"Inu simungauze munthu," anatero Anti Modu, "koma taonani chimene tabwera nacho." Onse atatu anandiyang'ana. Ndinakhumudwa kwambiri, ngakhale kuti madzulo aliwonse ndinkapereka lipoti lonse pampopi.

Ankolo Bankole ankaimba foni: "Zikalata zili pati?" Ine ndinkayankha kuti, "Zikuyenda, Ankolo, tafika kale zaka za m'mbuyo kwambiri." Limenelo silinali bodza.

Tsiku lomaliza, mvula ikugwa ngati yatumidwa, buku lakhumi ndi chinayi linatsika, lachikuto chong'ambika. Chala changa chinaima chokha. Mayina onse awiri anali pamenepo, lina pamwamba pa linzake.

"Werenga, mwana iwe!"

"Modupeh Macfoy, wamkazi, wobadwa pa 3 Ogasiti."

"Wina uja?"

"Kosonike Macfoy, wamkazi, wobadwa... pa 3 Ogasiti."

"Bodza! Pakati pathu panali masabata!"

"Eya, masabata," anavomera Anti Modu, ndipo aka kanali koyamba kugwirizana. "Wodzalembetsa anali ndani?"

Ndinawerenga: "Josiah Macfoy."

Bambo Turay anaseka mpaka anagwira makwerero. Anati masiku amenewo ukachedwa kulembetsa mwana unkalipira chindapusa, ndiye anthu ochenjera ankadikira ana achuluke, n'kubwera ulendo umodzi, n'kuwapatsa onse tsiku limodzi laposachedwa. Agogo Josiah, amene ankatsuka machesi akagwa m'matope, anapulumutsa makobiri awo, ndipo chinsinsi cha amene anayamba kubadwa anapita nacho kumanda.

Tsono taonani ngwazi ziwiri zitaima m'bwalo la nkhondo: ukulu sunapezeke, mbuzi yapita, zikalata za makolo zapita, chimene chapezeka ndi chaka chokha, chili gwaa papepala ndi inki ya boma. Anti Koso anatsegula chikwama, natulutsa magalasi pamaso pa anthu, navala, nayang'ana. Anawapatsira Anti Modu. Nawonso anayang'ana nthawi yaitali.

"Koso, takalamba."

"Tsitsa mawu, chitsiru iwe."

Pangano la mtendere linasainidwa pakhonde la ofesiyo. Mfundo yoyamba: kola aponyera limodzi, wina mtedza umodzi wina umodzi. Yachiwiri: onse akadali ndi zaka fifite-thuu. Yachitatu: ine ndinagwiritsidwa Baibulo la m'chikwama n'kulumbira kuti chakacho sindidzachitchula kwa munthu. Ndipo sindinachitchule. Ngati inu mwawerengera nokha, imeneyo ndi sukulu yanu, si pakamwa panga. Ankolo Bankole analandira zikalata ziwiri zokha, za anthu amoyo, pamalo a chaka pali banga la mafuta ofiira.

Awujo inachitika Loweruka masana, ndi ulemerero wonse umene nyemba zopanda nyama zingapereke. Azakhali anavala nsalu yofanana, naima phewa ndi phewa, kapena ndinene phewa ndi chigongono, naitana mayina a akufa mopikisana mawu mpaka makanda a nyumba yachitatu anadzuka. Kola, mtedza uliwonse wong'ambidwa pawiri, anagwa bwino, mbali ziwiri chagada, ziwiri chafufumimba, ndipo anthu analulutira ngati tagonjetsa dziko. Chakudya cha makolo chinaikidwa pabwalo, tonse maso kumwamba kudikira miimba, pakuti ikatera n'kudya ndiye kuti akufa abwera okha.

Unabwera umodzi. Wokalamba, wothothoka khosi. Unatera pampanda, unatsika, unazungulira mbale kawiri, unasuzumira m'nyembamo kufuna fupa. Kenako unayang'ana Anti Modu, unayang'ana Anti Koso, n'kuuluka kulunjika kumene amaphera ng'ombe.

"Amenewo ndi bambo aang'ono Josiah," anatero Anti Koso. "Anyanyala."

Anti Modu anaika manja m'chiuno nakuwa kumwamba, mumsewu monse mukumva: "Pitani, bambo! Mbuzi yanu munadya kale pa 3 Ogasiti!"