Njinga Yanga ya Nyengo Zonse

Mwakhala mukundifunsa kuti njinga yofiira ili lende m'chigafa mwanga ikutani mmenemo, ndiye lero ndikuuzeni, koma mukamaseka muzikumbukira kuti ndine bambo wa ana anayi.

Zinayamba ndi mimba. Kuchipatala atandiyeza anati magazi akuthamanga kwambiri, ndichepetse mchere ndipo ndizituluka thukuta tsiku lililonse, kaya kuli dzuwa kaya mvula. Kuthamanga wapansi ndinakana, kwathu kuno ku Wimbe munthu wamkulu akamathamanga anthu amatuluka m'nyumba kufunsa kuti kwapsa kwa yani. Ndiye ndinati njinga. Osati njinga wamba ayi, ija ya matayala owonda, ya mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, imene ndinkaiona pa foni anthu akuuluka nayo.

Apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga, ndi mkulu wa mpingo, munthu wosalankhulalankhula. Zaka zonsezi ndakhala ndikupempha dimba lawo la kudambo, iwo yankho limodzi lomwelo: "Tidzaona mukadzakhwima maganizo, akamwini." Chaka chimenecho anali atayamba kufewa, mpaka tsiku lina anakandionetsa malire ake. Atamva za njinga anangoti, "Mukagule ya keliyala." Ine kumva ndinamva, koma mukundidziwa.

Nditagulitsa fodya, ulendo wa ku boma. Zatsopano mtengo wake ndinangofunsa kamodzi n'kupepesa, ndinalowera kwa a kaunjika. Wogulitsa, munthu wa pakamwa potsekemera, anatulutsa yofiira kuseri, penti itasupuka pang'ono, n'kundiuza kuti ndiinyamule ndi chala chimodzi. Inanyamukadi. "Bwana, fulemu iyi sichita dzimbiri, iyi ndi ya nyengo zonse. Kumene yachokera amaipalasa ngakhale kukugwa matalala." Ndinafunsa za madigadi otchinga matope, akuti amangolemetsa. Nanga keliyala? Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Pa mapedulo panali timalamba tomangira mapazi, akuti n'cholinga choti mphamvu isamatayike. Ndipo poona kuti ndine kasitomala womvetsa zinthu anandiikira basela, kabudula wakuda wothina wokhala ndi kasiponji kumbuyo. Munthu ungakane basela?

Kunyumba mkazi wanga, mayi a Tadala, anaizungulira kawiri osaigwira. "Nanga thumba la feteleza lizikhala pati?" Ndinawafotokozera bwinobwino za mphamvu yosatayika. Sabata yotsatira feteleza anabwera pa kabaza, ine mwini njinga ndikutsatira pambuyo wopanda kanthu. Chilimwe chonse ndinakhalira kumata, tayala lowondalo limaphulika likangomva kuti kutsogolo kuli minga, ndipo chubu chake pa Wimbe palibe, okonza njinga amangochitembenuza n'kuitana anzawo kuti adzaone.

Koma ndinapirira, ndipo mimba inayambadi kubwerera. Dzinja litafika ndinati eya, nyengo zonse zija ndi zimenezi. Lachinayi lina m'mawa, pansi pali chinyontho chokhachokha, ndinavala kabudula uja. Masiku onse ndinkavala thalauza pamwamba pake, koma tsikulo ndinaopa kulidetsa, nzeru zanga zimenezo. Ndinamanga timalamba kuti gwa, n'kulowera njira ya ku Kapelula, yodutsa m'mudzi mwa apongozi, chifukwa ndinkafuna andione mmene ndikulimbikira. Foni ndinaisiya kuopa mvula, choncho uthenga umene unafika kunyumba nditangonyamuka ine sindinaumve.

Matope osanena. Popanda madigadi, tayala lakumbuyo linandilemba mzere wofiira kuchokera pa kabudula mpaka pankhongo. Ndikufika pamtsetse wotsikira m'mudzimo, liwiro likukoma, ndinangoona masamba ataikidwa pakati pa msewu. Inu mukudziwa masamba akakhala pamsewu: pali maliro, wanjinga atsike, wachipewa avule, adutse wapansi mwaulemu. Ngakhale mwana woyamba kumene sukulu amadziwa zimenezo.

Ndinagwira mabuleki. Analira ngati nkhumba koma njinga osamva, timphira take tinali titadzaza matope. Ndinati ndiponde pansi, phazi lamangidwa. Linalo lamangidwanso, ndipo womanga wake ndine ndemwe. Masamba aja ndinangowaponda, amuna atakhala mbali iyi, amayi mbali iyo akuimba, ine pakati pawo vuu, msana uli m'mwamba, ndipo mukudziwa chimene chinatuluka pakamwa panga? "Pepani, pepani, pepani," ngati ndikupepesa anamfedwa mwachangu kuti ndipitirire ulendo. Nyimbo inadukira pakati.

Chinandiimitsa ndi mulu wa nkhuni pafupi ndi pamene amayi amaphikira. Ndinagwa chagada, njinga ili pamwamba panga, mapazi akadali m'timalamba, tayala likuzungulira lokha. Anandimasula ndi adzukulu okumba manda, ndipo mmodzi akumasula anandifunsa chapansipansi, "Malume, mwabwera kudzalira kapena kudzatiwonjezera ntchito?" Womwalirayo anali azakhali a apongozi, munthu wokalamba kwambiri, ndiye banja lonse linalipo, palibe amene anachita kumva kwa mnzake.

Nditaimirira m'pamene ndinakumbukira kabudula. Abale, manyazi ngati amenewo sindinawaonepo chibadwire. Apongozi aakazi, amene chikwatirire sindinawayang'anepo m'maso, anatembenukira kukhoma n'kutuma mayi wina kuti andipatse chitenje chawo. Ndinachimanga m'chiuno, nanga ndikanatani? Adzukulu anagamula nkhuku ziwiri, imodzi ya masamba, ina ya kabudula. Mwambo wonse ndinakhala kumbuyo kwa amuna anzanga, m'chitenje cha maluwa, mtima ukundiuza kuti dimba lapita basi.

Sabata yonseyo ine chakudya osalowa, mimba inatsika kuposa mmene njinga inaitsitsira miyezi isanu. Lamulungu lachiwiri titatuluka m'tchalitchi apongozi aamuna anandiitanira pambali.

"Akamwini, adokotala anati muzituluka thukuta tsiku lililonse, eti?"

Ndinavomera maso ali pansi.

"Kaya mvula kaya dzuwa?"

Ndinavomeranso.

"Dimba lija kayambeni mawa. Khasu ndiye la nyengo zonse, ndipo sindinamvepo kuti munthu walephera kutsikapo."

Ndinayesa akutsokomola, koma ayi, mapewa awo ankagwedezeka. Zaka khumi ndi zitatu ndili mkamwini wawo, kanali koyamba kuwaona akuseka, ndipo kunena zoona misozi inalengeza m'maso mwanga.

Njinga ndinaipachika m'chigafa, pa fulemu pake timayanikapo fodya, ndipo wogulitsa uja sananame, dzimbiri sinachite mpaka pano. Ndikadzagulanso ina idzakhala ya keliyala ndi madigadi, ndipo chilichonse chomanga mapazi, ngakhale chikhale cha basela, ine toto. Chitenje chokha ndiye sindinabweze, chili m'sutikesi chochapa bwino. Mayi a Tadala akuti ndikapereke ndekha, nanga inu ndiuzeni, ndikawayang'ane ndi nkhope iti?