Waya wa ku Fakitale ndi ku Mtunda

Lolemba

Tsiku lalikulu! A Manejala andiitana ku ofesi, osati za babu lakupsa ayi. Akufuna makina a mafoni a kuno ku fakitale alumikizidwe ndi makina a ku ofesi ya ku Mtunda, kuti kalaliki wa kumeneko, a Likaka, aziitana lole ya masamba a tiyi poimba manambala atatu basi. Pano netiweki ikavuta amakwera pa chulu, foni m'mwamba, masamba akutentha m'shedi.

A Manejala amati aitane munthu wa ku Blantyre. Ine ndati, "Bwana, wa ku Blantyre adzatani ine ndilipo?" Zaka khumi ndi zinayi za magetsi pa esiteti ino. Lachisanu ndiwaonetsa.

Ndatenga:
buku la makinawo (masamba awiri anadya chiswe)
pulayala
ovolosi yatsopano ija.

Nkhani yake ndi yophweka. Makina aliwonse ali ndi waya wa khutu ndi waya wa pakamwa. Pakamwa pa uyu papite ku khutu la uyo. Ndafotokozera mayi a kunyumba kawiri. Akuti, "Chabwino, injiniya."

Lachiwiri

Ndakwera ku Mtunda pa thirakitala. Othyola tiyi akundiyang'ana, ine ndikungogwedeza mutu ngati dokotala.

Ndalumikiza. Ndayesa. Zii!

Mpaka masana ndi pamene ndaona: pakamwa ndalumikiza ku pakamwa, khutu ku khutu. Awiri akulankhula, awiri akudikira, womva palibe. Mayi a kunyumba akuti, "Ngati msonkhano wa kwanu uja wa za munda." Sindinaseke.

Ndakonza. Munthu wamba sakanaiona n'komwe mistekiyo.

Lachitatu

Vuto lina, koma la anthu ophunzira. Makina a kuno akatenga waya amayenera kudikira kuti anzawo awatsinzinire: kamagetsi kamayaka n'kuzima kamodzi, kutanthauza kuti tumizani manambala, ndakonzeka. Bukuli likutero ndithu, kutsinzinira. Koma a kuno sakudikira, akungokhuthula manambala, a ku Mtunda asanadzuke. Nambala yoyamba ikutayika panjira.

Mayi Namakhwa, olandira mafoni kuno, aimba ku Mtunda kasanu. Foni yagwera:
ku geti (kawiri)
ku kiliniki
kukhitchini kwa a Manejala
kwina kumene kumangolira tambala.

Mayi Namakhwa andifunsa ndikudikira chiyani pamenepo, ndayankha kuti ndikudikira a ku Mtunda anditsinzinire. Pofika nthawi ya tiyi fakitale yonse yamva. Madzulo uthenga wa a Likaka wabwera ndi dalaivala wa lole: "Muwauze amagetsiwo kuti ine ndine mkulu wa mpingo. Sinditsinzinira munthu."

Umbuli! Komabe dzina langa lili pakamwa pa aliyense.

Lachinayi

YATHEKA! Teni koloko m'mawa Mayi Namakhwa aimba, a Likaka ayankha, mawu oyera ngati ali chipinda chimodzi. Mayi Namakhwa aomba m'manja. Ndayenda m'fakitale monse pang'onopang'ono, pulayala ikuonekera m'thumba.

Ndauza a Likaka kuti za foni ya m'manja aiwale. Amvera, aitsekera m'dirowa.

Masana kanthu kakang'ono. Waya wochoka kuno kupita ku Mtunda ndi umodzi, ndiye a kuno ndi a uko akautenga nthawi imodzi amagundana pakati, ngati mathirakitala awiri pa mlatho wa ku damu. Foni siilira, amangopezana. A Likaka akuti, "Halo, ndani?" Mayi Namakhwa akuti, "Mwaimba ndinu." "Ayi, mwaimba ndinu." Onse adula mokwiya. Katatu!

Kenaka a Likaka akuti akaimba kukungolira tu-tu-tu. Ndawauza kuti makina atsopano amafuna kuzolowera. Za lole ya madzulo sindinamve. Ndiye kuti inapita.

Lachisanu

Ovolosi yochapa. Mu ofesi muli a Manejala, Mayi Namakhwa, akapitawo awiri, ndi ine pafupi ndi foni. A Manejala atsegula sipika kuti tonse timve. Manambala atatu. Yalira! A Likaka ayankha mwaulemu wonse: "Zonse zili bwino kuno, bwana." A Manejala andigwira dzanja pamaso pa anthu. Mphindi imeneyo ndidzaikumbukira mpaka kumanda.

Mphindi yotsatira ndiyesetsa kuiiwala.

A Likaka aika foni pansi, koma makina awo sanauze athu kuti tamaliza. Waya ukadali wogwira, sipika yathu ikadali yotsegula. Tikumva atenganso foni, akudina manambala a ku shedi, ndipo asanamve n'komwe yankho ayamba: "Kapitawo, bwana uja wangoimba kumene, ndamunamiza. Masamba a dzulo ofiira aja muwakwirire kuseri msanga. Lole sinabwere chifukwa cha waya wa katswiri wathu wotsinzinira uja."

A Manejala aweramira pa sipika: "Pitirizani, a Likaka, tikumva."

Masamba a tsiku lonse la dzulo! Anthu anathyola pamvula. Zimenezo zandiwawa kuposa mawu a bwana, amene anali ochepa: "Wa ku Blantyre abwera Lolemba."

Koma tinene zoona, mawu a a Likaka amamveka bwino kwambiri. Opanda phokoso ngakhale pang'ono.

Loweruka

Ndawerenganso buku, ndi masamba a chiswe omwe. Ndachipeza! Kuseri kwa makina a ku Mtunda kuli kabatani kakang'ono ngati njere ya mpunga. Kali kumanzere, kayenera kukhala kumanja. Basi. Kugundana kungatsale, koma kusadula kuja n'komweko.

Thirakitala kulibe. Ndakwera wapansi, mvula ikugwa, matope mpaka m'mawondo. Ndafika. Loko!

Lero ndi Sabata. A Likaka ali ku tchalitchi ku Makwasa, kiyi ali m'thumba la jekete. Mlonda akuti, "Ngakhale mukawapeze, kiyi sagwira mpaka dzuwa lilowe. Ndiponso akuti inuyo asakuoneni."

Ndasuzumira pawindo. Makina ali apo, kanyale kofiira kakuyaka, waya ukadali wogwira kuyambira dzulo. Kuchokera pawindo kufika pa kabatani ndi mikono iwiri. Ndayesa ndi bango. Ndagwetsa kalendala ndi kapu ya a Likaka.

Lamulungu

Chimfine. Mawu atha. Ku tchalitchi sindinapite, mayi a kunyumba apita okha, ndipo abwera ndi moni wa anthu asanu ndi mmodzi amene sanandipatsepo moni chiyambire. Onse akufunsa za foni.

A Likaka atumiza mawu kuti kapu inali ya pa ukwati wawo. Ndigula ina. Othyola a ku Mtunda ndikawapepesa ndekha, amenewo sanalakwe kanthu.

Mayi Namakhwa aimba pa foni ya m'manja: wa ku Blantyre afika eyiti koloko, ndipo a Manejala akuti ine ndikamugwirire makwerero.

Chabwino. Ndigwira. Makwerero amafunanso munthu wodziwa.

Koma za kabatani sindimuuza. Atsegule chikwama chake, ayese mawaya onse, atuluke thukuta mpaka nthawi ya nkhomaliro. Akatopa adzandifunsa yekha.

Ndipo afunse mwaulemu.