Matabwa Okhota a Bwana

Ukalipentala wanga unathera pa matabwa awiri, ndipo mpaka lero sindikuona pamene ndinalakwa.

Inali nthawi ya Chitaganya, ndikugwira ntchito papulazi ya fodya kufupi ndi Darwendale. Mzungu wathu anali ndi matenda ake: chaka ndi chaka ankapita kwawo kukakwera phiri la madzi oundana. Zuze, khukhi wa ku Tete, ndiye anandifotokozera. Akuti amamanga matabwa kumapazi, n'kumayenda pamadzi oumawo, kulambalala maenje akuya, mpaka pansonga. Ndinafunsa chimene amakatenga pamwambapo. Zuze anati chithunzi.

Kutatsala sabata kuti anyamuke, bwana anandipatsa matabwawo. "Lungisa lo," anatero m'Chilapalapa chake. Akuti ankatanthauza kupukuta ndi kupaka phula. Koma kwathu kulungamitsa chinthu n'kuchiwongola, ndipo matabwa onse awiri anali okhota kunsonga (ndinamumvera chisoni, wogulitsayo anamupusitsa ndithu).

Ndinawaviika m'damu masiku awiri, osawongoka. Ndinawaika panthunzi yofewetsera fodya, kenako m'makina opanira mabelo. Limodzi linamvera, linalo linangoti thyo. Ndinadula nsonga yothyokayo, n'kudulanso linzake kuti alingane, poti ine sindigwira ntchito yolaula dzina. Nditawatembenuza ndinapeza kunsi kuli see, kosalala ngati mbale. Munthu wa ana atatu, akupita poterera. Ndinakhomerako zidutswa za tayala, monga tichitira ndi manyatera.

Zuze atawaona anavula chipewa ngati pamaliro. "Achimwene, kayambeni kulongedza," anatero.

Bwana anawatembenuza kanthawi ndithu, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Ini lo?" kutanthauza kuti ichi n'chiyani. Ndinamuuza kuti tsopano akhoza kukwera ngakhale mvula ikugwa. Sanakalipe. Anangokhala pansi pakhonde, matabwa ali pamiyendo.

M'mawa mwake sowo ndi pulena anazipereka kwa wina, ine n'kupatsidwa khasu. Tinachoka m'nyumba ya njerwa kupita kukomboni ya udzu. Zinandiwawa, sindibisa, ndipo mkazi wanga sanandilankhule mpaka Lamulungu (pamenepo anangofunsa ngati ndingawongolenso chitseko, poti kuwongola ndiko ndimatha).

Kuphiriko bwana anapitabe, n'kukagula matabwa ena komweko, okhotanso. Anabwerako mwendo uli m'chikhakha. Zuze anandipeza m'munda kudzandiuza kuti munthuyo anaterereka. Ine ndinangopitiriza kupalira.