Mapasa a Achemwali ndi Sikelo Yanga

Lolemba

Yatha! Pulogalamu yanga ya sikelo ya ana yatha. Mayi akwera sikelo ndi mwana, akwerenso yekha, foni ichotsera, uthenga upita kwa bambo wa mwana. Za makadi ong'ambika zatha basi. Anamwino a pachipatala chathu cha kuno ku Ndunde akuti ndiwaonetse Loweruka, ikawakomera ndiyamba ntchito. Ine ntchito! Oyesera ndili nawo kale: Tadala ndi Takondwa, mapasa a achemwali anga.

Lachiwiri

Achemwali ndi Tadala, 68.3. Achemwali okha, 60.1. Yankho ndi 8.2, ngakhale mbuzi ikudziwa. Foni ikuti 8.199999999999996. Achemwali akuwerenga manayini ndi chala. "Achimwene, mwanayu ali ndi matenda angati?" Ndikufotokoza kuti kompyuta imasunga manambala m'ma 0 ndi 1, ndiye 8.2 sakwanamo ndendende, imasunga woyandikana naye. "Nde imanama?" Sinama, imangoyandikira. Akundiyang'ana ngati wogulitsa mankhwala m'basi.

Lachitatu

Zosavuta. Ndadula mchira wonse. Tsopano ikuti 8.1.

Mayo! Mwezi watha khadi linati 8.2. Uthenga wapita kale kwa alamu: mwana watsika. Alamu afika pa kabaza kuchokera ku Mbombwe, thukuta lili kamukamu, atanyamula:
nsinjiro
mazira anayi
amayi awo

Lachinayi

Osadula mchira, kuzungulitsa: kutenga nambala yoyandikira. Ndakonza pa foni, ndakonzanso pa laputopu. Ndabwereka sikelo yoika mwana yekha kuti pasakhale zochotsera. Tadala 8.25. Takondwa 8.25. Mapasa enieni! Tadala ndalemba pa laputopu, Takondwa pa foni.

Foni: 8.3. Laputopu: 8.2.

Nambala imodzi, koma foni ikaona 5 kumapeto imakweza, laputopu imathamangira nambala yogawika pawiri. Palibe yolakwa, akutero a pa intaneti. Abwere adzawauze apongozi a achemwali.

Lachisanu

Mlandu pakhonde. Apongozi a achemwali: "Mumayamwitsa mokondera, makina aulula." Achemwali akulira, ine mtima ukundiwawa zedi, chifukwa wayatsa motowu ndine. Ndikujambula manambala pa dothi ndi kamtengo, nkhuku ikufufuta. Chigamulo cha apongozi: Tadala phala kanayi patsiku, la nsinjiro, dzira pamwamba. Adyetsa okha.

Mwana akudya ngati waganyu.

Loweruka

Malaya ositidwa, nsapato zopolisha. Anamwino aika ana pa sikelo. Takondwa 8.25. Tadala, mimba ili ndendende ndi phala, 8.35. Atenga cholembera, alemba pa khadi momwemo. Kenako andifunsa mofatsa: "Bwanji osangolemba zimene sikelo yanena, manambala onse atatu?"

Sabata yathunthu sindinaganizeko.

"Mukakonze, mudzabwere chaka chamawa." Pakadali pano akuti ndizithandiza kuvula ana matewera pa mzere.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Amayi ena akundilozera ana awo: "Uyo Nayini-nayini." Dzina lagwira, silichokanso.

Laputopu ili m'chikwama. Achemwali andikhululukira, koma akuti foni yanga isayandikirenso ana awo. Apongozi aona khadi latsopano, akuti zaonekeratu, wotsalira tsopano ndi Takondwa.

Andituma nsinjiro.