Malegeni a Mkandawire pa Mikono Yanga

Mpaka lero ndikaona munthu akumangira katundu pa njinga, zala zanga zimayamba dzanzi zokha.

Ndimaponya mpira mu timu ya kiriketi ya anyamata a m'mashopu kuno ku Mzuzu. Kaputeni wathu, Yusufu, anandiuza mosapsatira kuti mipira yanga imafika kwa womenya itatopa kale, ndipo ndikapanda kusintha pofika Loweruka malo anga apatsa wina. Zinandiwawa zedi.

Ndiye ndinaona pa foni kanema wa anthu akumanga malamba kumtunda kwa mikono kuti magazi aziyenda pang'ono, kenako n'kumanyamula tizitsulo topepuka. Akuti minofu imakula msanga. (Kanemayo anali ndi gawo la machenjezo, koma ine ndinaona kuti ndamva zokwanira.)

Malambawo ndinalibe, choncho ndinaitana Mkandawire, mnansi wanga ku Chibavi, woyendetsa njinga ya sakaramento, yonyamula anthu ndi katundu. Ndinavula malaya n'kumupempha andimange mikono yonse iwiri ndi malegeni ake.

"Ndimange chomene, achimwene?"

Pofuna kuoneka mwamuna, ndinati amange zolimba mmene amamangira thumba la makala. Munthuyo ntchito yake amaidziwa. Anakoka, anazunguliza, mfundo n'kuibisa kumbuyo. Pomwepo wina anamuitana kumsewu, iye n'kupalasa ulendo wa ku Lupaso.

Ndinanyamula njerwa kangapo ndikudzitama. Kenako njerwa inagwa yokha, osaimva n'komwe. Ndinayang'ana manja: atupa, ada bii, mitsempha ili panja. Ndinayesa kumasula, zala zinakana. Ndinayesa mano, khosi linaperewera. Mantha anandigwira, m'maganizo ndinaona mikono yanga ikudulidwa kuchipatala.

Mkazi wanga anali kumsika. Pakhomo panali munthu mmodzi yekha, apongozi anga aakazi, amene chikwatireni timalankhulana aliyense atayang'ana kwake. (Mayi amenewa anali asanaonepo ngakhale chigongono changa.) Ndinapita kuseri kumene ankadula masamba, ndinagwada chifuwa chili pamtunda, n'kuyamba ndi moni wonse mwaulemu.

Anandiyang'ana kamodzi, mpeni uli m'manja.

"Adada, wakumangani ndani? Mwaba?"

Ndinati ayi amama, ndi masewera. Sanafunsenso. Anadula malegeniwo nkhope atatembenuzira ku mpanda, zomwe zinandiopsa kuposa dzanzilo. Magazi atabwerera ndinalira mokweza, mwamuna wamkulu, iwo akungoti pepani, pepani.

Loweruka mkono unali usanabwerere mwakale. Mpira woyamba unagwera pa phazi langa, wachiwiri unapita kwa munthu wogulitsa nthochi. Yusufu anandilanda mpira mwachifundo, nati ndikhale woweruza, poti ntchito yake n'kukweza chala chimodzi basi. Malo anga anatenga mnyamata wa ku Salisbury Lines.

Pobwerera, nditamuululira zonse, Yusufu anandifotokozera kuti malamba enieniwo amachita kupopa ndi kuyeza, ndipo pamakhala katswiri woyang'anira. Ndinafika kunyumba ndikuganiza za mawu akuti kupopawo. Nditangofunsa mkazi wanga ngati mayi ake anabwera ndi makina awo opopa pamkono, oyezera kuthamanga kwa magazi, apongozi ananyamuka mwakachetechete n'kukawatsekera m'sutikesi.