Tiana Takuda ta Nsomba Zanga Zagolide

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma poti amayi akutchalitchi kwathu akuifotokoza mokhotetsa, bola muimve kwa mwini wake.

Ine ndine telala pa Boma la Ntcheu. Chaka china ndinagula nsomba zinayi zagolide kwa mkulu wina ku Lilongwe, pamodzi ndi bokosi lake lagalasi, n'kuziika pabalaza poti aliyense wolowa aziona. (Amuna anga ankati aka n'koyamba kuona ndiwo zikudya m'malo modyedwa.)

Kutayamba kutentha, nsomba zija zinayamba kuthamangitsana. Wogulitsa uja anali atandiuza kuti zikatero ndiponyemo kamtolo ka ulusi wolukira juzi. Ndinatero, ndipo kutacha ulusi wonse unali timazira tokhatokha. Ndinautulutsa msanga n'kuuika m'beseni, pakuti nsomba zimenezi zimadya mazira awo omwe. Pasanathe sabata, tinthu tonga nsidze tinayamba kusambira. Ndinkatidyetsa chachikasu cha dzira lowiritsa, ndipo madzi ndinkasintha ndi kapu, pang'onopang'ono. Sikanafe n'kamodzi komwe. Mundiombere m'manja pamenepo.

Basi, ndinatumbwa. Lamulungu ndinalengeza kwa amayi anzanga kuti aliyense alandira ziwiriziwiri.

Patatha miyezi iwiri, tiana tija tinakula ndithu, koma tonse tinali takuda ngati matemba. Golide analibemo. Amayi aja atabwera kudzasankha zawo, anazungulira beseni n'kusuzumiramo. Kenako Anachisale, amene pakamwa pawo palibe chitseko, anafunsa:

"Pepani amayi, kodi bambo wake wa tianati ndi mlamba?"

Anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ndinaimbira wogulitsa uja kuti ndimulalatire, koma foni yake sinkapezeka.

Mawa lake kunabwera alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, amene amalima mbatata ya kachewere ku Tsangano. Ndinakhuthulira tiana tonse m'chigubu.

"Alamu, katayeni tinthuti mu thanki yanu yothirira mbewu. Tizikadya mphutsi za udzudzu."

"Mukundipatsa tonse?"

"Tonse. Ndisationenso."

Amayi aja ndinawauza kuti tinafa ndi matenda. (Inde, ndinanama, ndipo ndinachita kuoneka wachisoni.)

Patadutsa miyezi isanu, mwana wa alamuwo anali ndi chinkhoswe, ndipo ine ndemwe ndinatenga amayi anzangawo kuti akandithandize kuphika. Titamaliza ntchito, alamu anati, "Bwerani kudimba kuno muone ziweto zanga."

Titasuzumira mu thanki, abale inu! Munali waliwali, nsomba zofiirira ngati malalanje akupsa, zonenepa, michira ili pekupeku. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, ndipo pakamwa panatsogola:

"Ana anga!"

"Ana anu ati?" anafunsa Anachisale. "Si aja munati anafa?"

"Ndi omwe aja anandipatsa m'chigubu," anatero alamu, osadziwa kuti akundivula pagulu. "Anangoyamba kusintha mtundu okha."

Ndinayang'ana pansi, kenako ndinati, "Kunotu kumazizira, mwina anatsitsimuka."

Palibe anandithandiza kunamako. Wogulitsa uja nditamupeza pafoni tsiku lomwelo, anandiuza kuti nsomba zagolide zonse zimabadwa zakuda, mtundu umabwera pakapita miyezi. Akuti ankaganiza kuti ndikudziwa.

Pobwerera, alamu anagawira mayi aliyense ziwiriziwiri, ine n'kundipatsa zisanu ndi imodzi m'ndowa.

"Mukazisamale, alamu," anatero. "Nsomba zimenezi zimafuna munthu woleza mtima."

Ndinalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza mogwada. Ndinalumbira mumtima kuti zodzitama ndasiya. Koma m'minibasi bambo wina atasuzumira m'ndowamo n'kufunsa kuti nsomba zokongola chonchi ndazitenga kuti, ndinawafotokozera mmene ndinaswetsera mazira ndi manja angawa, kuyambira pa Tsangano mpaka titatsika pa Boma.